Bokosi la ma DVD a How I Met Your Mother: nyenyezi 4, koma Ted Mosby wanditopetsa

Bokosili ndinagula kwa munthu amene analigwiritsapo kale ntchito, ndipo tangomaliza kumene kuonera lonse ine ndi amuna anga, patatha miyezi isanu. Ngati simunaonere seweroli ndipo simufuna kudziwiratu mathero ake, lekerani pompano, chifukwa ine ndiulula zonse.

Muli madisiki 28, masizoni onse 9, magawo 208, gawo lililonse mphindi pafupifupi 22. Ndi sewero lanthabwala la ku America limene linkaonetsedwa pa CBS kuyambira mu September 2005 mpaka pa 31 March 2014, ndipo analiyambitsa ndi Carter Bays ndi Craig Thomas. Zithunzi n'zoyera bwino. Mawu olembedwa pansi alipo m'Chingelezi, ndipo musawazimitse, chifukwa Barney, mnzake wa Ted, akayamba kulankhula amathamanga ngati akuthawa galu. Chenjezo limodzi musanapereke ndalama: yang'anani nambala ya dera kumbuyo kwa bokosi. Langa ndi la Region 2, la ku Britain, pomwe Malawi ali mu Region 5. Makina athu anawerenga popanda vuto, koma si makina onse amene amatero. Ife tinasankha DVD chifukwa magawo 208 pa bandulo ya intaneti ndi ndalama ya thumba la feteleza.

Tsopano nkhani imene yandichititsa kulemba.

Sewero lonseli ndi nkhani ya Ted Mosby, wolemba mapulani a nyumba mu mzinda wa New York. M'chaka cha 2030 wakhazika ana ake awiri pampando kuti awafotokozere mmene anakumanirana ndi mayi awo. Ted wachinyamata amasewera ndi Josh Radnor, pomwe mawu a Ted wachikulire wofotokozayo ndi a Bob Saget. Olemba anafuna kuti tizimukonda Ted. Anamupanga wofatsa, wophunzira, wofunitsitsa banja pamene anzake akungosewera, munthu woti mumumvere chisoni akakanidwa. Ine ndinamukondadi magawo atatu oyamba. Pofika sizoni 4 ndinali nditayamba kumukalipira pa sikirini ngati akundimva.

Gawo loyamba lomwe, Ted akupita kukadya ndi Robin, mtsikana mtolankhani wa pa TV, kwa nthawi yoyamba, usiku womwewo n'kumuuza kuti wagwa naye m'chikondi. Pambuyo pake Robin ananena poyera kuti iye safuna ukwati kapena ana. Munthu wamakutu akanamva. Usiku woyamba uja Ted anapita kukaba lipenga la buluu limene linali pakhoma la malo odyera aja n'kumubweretsera, ndipo ife tikuyenera kunena kuti aa, chikondi. Zaka zonse zotsatira mnyamatayu sanamve mawu oti ayi. Kwa iye ayi wa mkazi ndi nkhani yongofuna kulimbikira pang'ono, maluwa ena, oyimba ena.

Koma pamene ndinamuonera bwino ndi pa gawo lachinayi, nkhani ya Natalie. Zaka zitatu m'mbuyomo Ted anathetsa chibwenzi ndi mtsikanayu posiya uthenga pa makina oyankha foni, tsiku lake lobadwa, abale ndi anzake atabisala m'nyumba kuti amuchitire phwando, onse n'kumva. Ted akubwereranso, kupepesa, kuchonderera mpaka mtsikana kumukhululukira. Patangopita masabata ochepa akumusiyanso, tsiku lobadwa lomwelo. Natalie anali ataphunzira Krav Maga, luso lomenya podziteteza, ndipo anamukuntha pomwepo m'malo odyera anthu akuona. Amuna anga anaseka mpaka kutsamwa tiyi. Ine ndinabweza kumbuyo ndi rimoti kuti ndionerenso, chifukwa m'masizoni onse 9 ndi apa pokha pamene Ted analandira malipiro ake tsiku lomwelo.

Ndiye pali Victoria, chibwenzi china cha Ted, wophika makeke uja, amene kwa ine anali mkazi wabwino kuposa onse kupatula mayi wa ana. Ali ku Germany kusukulu, Ted anapita kunyumba kwa Robin pakati pa usiku n'kunama kuti chibwenzi chatha. Patapita zaka, Victoria anathawa pa ukwati wake n'kukwera galimoto ya Ted. Ted atamufunsira, iye anapempha chinthu chimodzi: Robin achoke pakati pathu. Ted anakana. Mwina wina anganene kuti Victoria anapempha zambiri, koma mathero a sewero anaonetsa kuti mtsikanayu anaona kutali kuposa tonsefe.

Chimene chimandinyansa kwenikweni si zolakwazo ayi. Barney, amene amasewera ndi Neil Patrick Harris, amachita zoipa kuposa pamenepa kakhumi. Amanamiza akazi, ali ndi buku lonse la njira zowapusitsira, ndipo nthabwala zake zina lero sizisekesanso. Koma Barney sadzitcha munthu wabwino, ndipo sewero silikupemphani kuti mumuone ngati chitsanzo. Ted amachita zofanana, kenako n'kukhala pansi mu bala ya MacLaren's nkhope ili khuma, kudandaula kuti chifukwa chiyani munthu wabwino ngati iye sakupeza wake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Onjezani kukonda kukonza anzake akalankhula, ngati pamene ankalimbikira katchulidwe kake ka mawu oti encyclopedia, ndi nsapato zofiira zija zimene aliyense anamuuza kuti sizimukhala koma iye osamva.

Ndipo kumbukirani kuti wofotokoza nkhani ndi mwini wake. Ted ndiye wodandaula, ndiye mboni, ndiye woweruza, koma mlandu ukumugwerabe. Nanga akanafotokoza Natalie zikanamveka bwanji?

Usiku wina tili pakati pa sizoni 6 ndinati, "Inu bambo, tandiuzani zoona. Mungakhazike ana athu pa mpando n'kuyamba kuwawerengera zibwenzi zanu zonse, mmodzi mmodzi, ndi zimene munkachita nawo?" Anangoti, "Mayi, ine ndikufunabe kukhala ndi moyo." Ndikudziwa kuti ndi sewero ndipo ndi ku America, koma maganizo amenewo sanandichoke. Ana auzidwa kuti amva za mayi awo, bambo akuwapatsa kaundula wa atsikana a mu New York.

Kunena chilungamo, amuna anga sagwirizana nane pa zonse. Iwo amati Lily, mkazi wa Marshall mnzake wa Ted, ndiye wovuta kwambiri, ndipo ali ndi mfundo. Lily anamusiya Marshall ukwati utayandikira n'kupita ku San Francisco kukaphunzira zojambula, anamubisira ngongole yaikulu ya pa khadi, ndiponso anavomera yekha kuti ankasokoneza mwamseri zibwenzi za Ted zimene iye sanazikonde. Zonsezi sewero limazipereka ngati chikondi cha mnzako wosamala. Komabe Lily ndimamukhululukira chifukwa Alyson Hannigan, amene amasewera Lily, amandiseketsa, ndiponso nkhani siikhala pa iye gawo lililonse. Amene anaonera sewero lina la Friends akudziwa vuto lomweli ndi Ross Geller, wophunzira wina wodzimvera chisoni amene timauzidwa kuti ndi wachikondi.

Ndikuganiza kuti bokosi ngati ili limamuipitsiratu Ted. Anthu amene ankaonera gawo limodzi pa sabata, kwa zaka 9, anali ndi nthawi yoiwala. Ife tinkaonera magawo anayi kapena asanu usiku umodzi, ndiye umaona bwino kuti munthuyu akubwereza zomwezo: kukumana ndi mtsikana, kulengeza kuti uyu ndiye, kupeza kachifukwa, kubwerera kwa Robin. Ngakhale Stella, amene Ted anatsala pang'ono kumukwatira, atamuthawa tsiku la ukwati, chisoni changa chinatha msanga, chifukwa Stella anamuchenjeza kuti asaitane Robin ku ukwatiwo, iye osamva.

Nanga nyenyezi 4 zikuchokera kuti? Kwa ena onsewo. Marshall, amene amasewera ndi Jason Segel, ndi mtima wa seweroli. Gawo limene bambo ake amamwalira mu sizoni 6 linatikhazika chete mpaka tinazimitsa TV osapitiriza usiku umenewo. Olemba amadziwanso kusunga nthabwala: chinthu chimene mwachiona mu sizoni 2, ngati kubetcha kwa makofi pakati pa Marshall ndi Barney, chimadzabwereranso patapita zaka inu mutaiwala. Nyimbo za Robin za pa utsikana wake ku Canada tinazibwereza kangapo. Pa zoterezi kukhala ndi madisiki onse pafupi kumathandiza, chifukwa mumatha kubwerera kukatsimikiza.

Sizoni 9 ndi yolemetsa. Pafupifupi yonse ikuchitika kumapeto kwa sabata imodzi, pa ukwati wa Barney ndi Robin ku Farhampton, ndipo Ted akuyendayenda kusaka kamkanda kamene Robin anakwirira kalekale, mkazi woti mawa akukwatiwa ndi mnzake wapamtima. Chopulumutsa sizoniyi ndi Cristin Milioti, amene amasewera Tracy, mayi wa ana uja, mwini ambulera yachikasu. Tinamudikira masizoni asanu ndi atatu ndipo sanatikhumudwitse. Kenako gawo lomaliza likuthamanga: Barney ndi Robin akusudzulana patatha zaka zitatu, Tracy akudwala n'kumwalira mu 2024, ana n'kuuza bambo awo kuti nkhani yonseyi sinali ya mayi, inali yopempha chilolezo choti akafunsire Robin. Ted uyo, imvi zili mbuu, pansi pa zenera ndi lipenga la buluu lija. Mbali ya anayo inajambulidwa kale mu 2006, osewerawo asanakule, ndiye olemba anamamatira mathero amene anawakonza sewero lidakali laling'ono. Ana aja ananena zoona, ndipo n'chimene chinandipweteka. Tracy anabereka ana amene Robin sankafuna, n'kuchoka panjira.

Apa ndi pamene bokosi limaposa kuonera kwina. Muli mathero ena amene sanaonetsedwe pa TV. Ndi aafupi, mphindi zochepa chabe: Ted akukumbukira mwachidule njira yonse imene anadutsa, akukumana ndi Tracy pa siteshoni ya sitima mvula ikugwa, aima pansi pa ambulera, sitima ikudutsa, basi. Palibe maliro, palibe lipenga. Ife tinaonera awa pambuyo pa enawo ndipo mtima unakhalako pansi. Mukagula, chitani chimodzimodzi.

Dandaulo langa pa katundu weniweniyo ndi laling'ono. Madisiki amathina m'malo mwake, ndiye potulutsa pamafunika kusamala. Imodzi ya sizoni 5 inabwera ndi mkwawu ndipo imaima pakati pa gawo lina, koma poti bokosi linali logwiritsidwa kale ntchito, sindingaloze chala amene analipanga. Wogulitsa sanandiuze, ndipo nditamulembera uthenga sanayankhe. Funsani zithunzi za kumbuyo kwa madisiki musanatumize ndalama. Si loonera ndi ana, nthabwala zambiri n'za akuluakulu. Panopa bokosi lili kwa mng'ono wanga, ali pa sizoni 2, ndipo dzulo wanditumizira uthenga kuti Ted ndi mwamuna wamaloto ake. Sindinamuyankhe.