Popondapo pa phiko: tepi, penti wa mchenga, kapena labala?

Ndege yaing'ono yomanga nokha ya mapiko apansi, kaya ndi RV-7 ya Van's, Zenith CH 650, kapena Sling 2 imene zida zake zimachokera ku Johannesburg, munthu amalowamo ataponda phiko pafupi ndi thupi la ndegeyo. Malowa ndi ochepa, masentimita 25 kapena 30 m'lifupi, komatu ndi otsetsereka, ndipo kumbuyo kwake kuli flap, chigawo cha phiko chimene chimatsika ndi kukwera, imene sifuna phazi la munthu. Ku Ulongwe wa ku Angónia, m'mawa wa Juni mumapeza phiko lili chonyowa ndi mame. M'dzinja nsapato imafika itasenza katondo. Mukatsikira ku Chingodzi, bwalo la ndege la ku Tete, mu Okutobala kapena Novembala, kutentha kumadutsa madigiri 40 pamthunzi pomwe, fumbi nalo lili tolotolo. Chimene mwaika popondapo chiyenera kupirira zonsezi, ndipo chimene chimagonjetsa zambiri kuno ndi dzuwa.

Tisanayerekeze, tigwirizane kaye kuti pa zinthu zonsezi palibe cholimbitsa phiko. Chimene chimanyamula munthu chili mkati. Pa RV, nthiti za phiko zoyandikira thupi la ndege zimakhala zothithikana, ndipo pansi pa lata pali lata lina lothandizira. Pa ndege yamatabwa yokutidwa ndi nsalu, ngati Jodel, pamenepa pali pulayiwudi. Onani pulani, jambulani malire pomwe kulimbako kwathera, ndipo musapitirire. Mukakulitsa popondapo kuti paoneke bwino, mwaitana mlendo kuti akabwanyule lata.

Ambiri amayambira pa tepi yokhakhala yomata yokha. M'masitolo a zomangira ku Tete mukaifunse kuti fita antiderrapante, koma dziwani kuti yambiri ndi ya pamasitepe a m'nyumba ndipo guluu wake sanapangidwire dzuwa la m'chigwa cha Zambezi. Yodziwika pakati pa omanga ndege ndi Safety-Walk ya 3M. Nambala 610 ndi ya ntchito wamba, imakhakhala ngati sandipepa. Nambala 510 ili ndi aluminiyamu wofewa kunsi kwake, motero imagonera pa zotukuka. Kusiyana kumeneku n'kofunika. RV ili ndi mariveti obisika mitu, lata lili see, ndiye 610 imagona bwino. Zenith ndi Sling zili ndi mariveti okoka amene pamalo ambiri mitu yake imatumphuka. Tepi yolimba ikadutsa pa mutu wotere imasiya kamphako mozungulira, madzi amalowa, ndipo pakapita nyengo ziwiri kapena zitatu mudzapeza ufa woyera pa lata. Ameneyo ndiye dzimbiri wa aluminiyamu. N'chifukwa chake tepi isaikidwe pa lata losapaka: pakhale pulaima (penti woyamba wa pansi) ndi penti wouma bwinobwino.

Kuika tepi ndi ntchito ya ola limodzi. Tsukani ndi sopo, pukutani ndi sipiriti ya isopropyl, dikirani paume. Dulani chidutswa chimodzi chathunthu ngati n'kotheka, ndipo ngodya zonse zikhale zozungulira, kukula ngati kobili la metical. Ngodya yosongoka ndi imene mphepo ya pulopela imayamba kutukula. Matulani pepala lakunsi pang'onopang'ono kuyambira kutsogolo, mukupsinja ndi rola yalabala kuchokera pakati kupita m'mbali. Pomaliza pakani mankhwala otseka m'mphepete. 3M ili nawo ake a ntchito imeneyi. Ambiri amadumpha pamenepa, kenako n'kumadandaula kuti tepi ndi yabodza. Guluu akafewa ndi dzuwa amatulukira m'mphepete, fumbi limakakamira, mzere wakuda umaoneka, ndipo chidendene chikapotoka pamenepo tepi imasuntha. Petulo ndi avgas (mafuta a ndege) nazonso zimadya guluuyu, choncho chigubu cha mafuta musamachikhazike popondapo.

Ubwino wa tepi ndi wakuti ikatha mumaichotsa n'kuika ina. Ingoimikani ndege padzuwa kwa ola limodzi, tukulani ndi kapulasitiki, osati mpeni. Kuipa kwake, kupatula za m'mphepetezo, imakalula maondo ndi kung'amba mathalauza a okwera amene amalowa chogwada.

Penti wa mchenga ndi nkhani ina. Alibe m'mphepete moti mphepo n'kugwirapo, amakuta mitu ya mariveti popanda kusiya mphako, ndipo akagwira wagwira. Wopangidwa kale wa ndege ndi monga Wing Walk Compound wa Randolph, wakuda, umene mchenga wake uli kale m'chitini. Vuto ndi kaufikitsidwe: umayaka moto, ndiye onyamula katundu pandege amaukana kapena kulipitsa modula. Mukaupeza, kumbukirani kuti mchenga umakhazikika pansi msanga. Takasani mpaka pansi pa chitini ndipo muzitakasabe nthawi iliyonse musanaviike bulashi, apo ayi mbali imodzi idzakhala yosalala, ina ngati msewu wa miyala.

Njira yotheka kwa munthu wa ku Moatize kapena Furancungo ndi kupanga nokha ndi penti wa 2K (wosakaniza ndi chowumitsa) wotsala popenta ndege. Mchenga wa mu mtsinje wa Revúbuè kapena Zambezi umagwira ntchito, bola muutsuke mpaka madzi atayera, muuyanike uume gwaa, kenako muusefe kawiri. Sefa ya tiyi ichotse timiyala, ndipo nsalu yopyapyala ichotse fumbi. Otsalawo akhale ofanana kukula, osapitirira theka la milimita. Tchingani malire ndi tepi ya openta, kwechani penti wakale ndi sandipepa wa 320, pukutani, pakani penti, ndipo akadali wamuwisi wazani mchenga kuchokera m'mwamba mpaka penti asaonekenso. Mawa lake sesani wosagwira, pakaninso kamodzi kapena kawiri mopyapyala kuti mchenga umangike. Mukathira wambiri mukwirira kukhakhala konse. Tepi ya malire ichotsedwe penti asanaumiretu kuti mzere utuluke woongoka. Ku Tete yambani dzuwa lisanakwere, chifukwa 2K wosakaniza kale amalimbira m'chitini msanga kukatentha. Ku Angónia dikirani mame aume. Ndipo valani chotchinga mphuno cha openta chenicheni, chifukwa chowumitsa cha 2K chili ndi isocyanate amene amawononga mapapo. Kansalu kakukamwa sikathandiza.

Eni maboti ena amawaza shuga kapena mchere pa penti wamuwisi, n'kudzatsuka ukauma kuti patsale timaenje. Shuga mwina, ngakhale timaenjeto timadzaza katondo. Mchere usayandikire n'komwe aluminiyamu.

Mtengo wa penti wa mchenga mudzaulipira tsiku lofuna kuuchotsa. Mchenga wamumtsinje umatha sandipepa m'kanthawi kochepa, ndipo amene akupala mopupuluma amadya lata lomwe, limene pamenepa silifika ndi milimita imodzi. Zosakaniza za penti wa maboti, monga Griptex kapena Intergrip, ndi timibulu ta pulasitiki topepuka, tosavuta kupala komanso tosapweteka bondo. Wopita ku South Africa akhoza kukugulirani kachitini kamodzi, kamene n'kokwanira mapiko onse awiri n'kutsalako.

Penti wokhuthala wa kumbuyo kwa mapikapu, monga Raptor, ndi wolimba zedi ndipo okonza magalimoto amamudziwa. Koma ndi wolemera kuposa zinazi, ndipo akanyowa sagwira nsapato ngati mmene amaonekera pokhapokha mutasakanizamo mchenga. Labala womata ndi guluu, kapena thovu la EVA la m'maboti, ndi zofewa kuphazi, koma n'zokhuthala: m'mphepete mwake mumaima ngati khoma pamphepo, pansi pake pamabisala chinyezi, ndipo guluu wa kontaki amalefuka padzuwa. Pa ndege yogona panja sitingakulimbikitseni.

Tsopano mtundu. Tinazolowera kuona popondapo pakuda, koma chakuda padzuwa la ku Songo kapena Chingodzi chimatentha moti dzanja silikhalapo. Pa aluminiyamu, chovutika ndi guluu ndi mwana wokwera wopanda nsapato. Pa phiko la fayiba nkhani ndi yoopsa: epoxy, guluu womanga fayibayo, wouma yekha osawotchedwanso amayamba kufewa madigiri 70 asanakwane, ndipo chinthu chakuda chikhoza kufika pamenepo masana. N'chifukwa chake ndege zambiri za fayiba zimapentedwa zoyera. Popondapo pali pamwamba penipeni pa malo amene phiko limanyamula katundu wambiri, ndiye pa fayiba ikani choyera, chotuwira, kapena tepi yoonekera mkati. Choyera chimada msanga ndi fumbi la malasha, inde, koma bulashi ndi sopo zilipo.

Chilichonse mwasankha, chisafike kumphuno kwa phiko. Kukhakhala kutsogoloko kumasokoneza kayendedwe ka mphepo ndipo kumasintha khalidwe la ndege ikamauluka pang'onopang'ono. Yambirani chakumbuyo kwa mtanda waukulu wa phiko, pokhapokha pulani itanena zina, ndipo lekezerani flap isanayambe. Ntchitoyi ichitike ndege isanakwere sikelo komaliza.

Ife tikuona chonchi. RV yogona m'shedi ku Angónia, tepi yotuwa yotsekedwa m'mphepete ikukwanirani, ndipo mudzaisintha ikatopa. Sling kapena Zenith ya mariveti otumphuka, makamaka yokhala padzuwa la kuchigwa, penti wowala wokhala ndi timibulu ta pulasitiki ndiye wabwino, mchenga wosefa ngati timibuluto tasowa. Musanakhudze phiko, yesani pa chidutswa cha lata chotsala chokhala ndi mariveti awiri atatu. Chisiyeni padenga sabata ziwiri, chithireni madzi, chikhazikeni mopendekeka ngati phiko, ndipo mupondepo ndi nsapato yamatope mukupotoza chidendene.