Del Nido kapena Buckberg pa opaleshoni ya bypass?

Anzanga ogwira ntchito za opaleshoni ya mtima, nkhani ya cardioplegia, mankhwala oimitsa ndi kuteteza mtima pa opaleshoni, imatigawanitsabe eti, makamaka pa bypass, opaleshoni yosoka mitsempha ina yolambalala yotsekeka ya mtima. Tonse tikudziwa kuti mukangomanga aorta (mtsempha waukulu wotuluka mu mtima) ndi clamp (chopanira) mnofu wa mtima sulandiranso magazi, ndiye timauimitsa ndi potaziyamu wambiri komanso kuuziziritsa kuti usamafune okosijeni wochuluka. Mkangano uli pa mankhwala ake komanso kuti tithire kangati.

Ya Buckberg, ya dokotala Gerald Buckberg wa ku UCLA, ndi magawo 4 a magazi ndi gawo 1 la mankhwala, ndipo mumaibwereza mphindi 15 mpaka 20 zilizonse. Imatopetsa ndithu, dokotala ali mkati mosoka kamtsempha kakang'ono zedi basi wa pa makina opopa magazi m'malo mwa mtima akuti nthawi yakwana, aime kaye, koma magaziwo amabweretsa okosijeni, amatsuka asidi amene wadzadza mu mnofu, ndipo mutha kumaliza ndi yofunda musanachotse clamp.

Del Nido inayambira kwa ana, dokotala Pedro del Nido anaipanga ali ku Pittsburgh. Iyi ndi gawo 1 la magazi pa magawo 4 a mankhwala, muli lidocaine (mankhwala ochititsa dzanzi) ndi magnesium, mulibe shuga (kwa odwala shuga apa mpabwino), ndipo mukathira kamodzi mutha kugwira ntchito mpaka mphindi 90 osaimanso. Nchifukwa chake ambiri anaikonda.

Koma ine chimene chimandidetsa nkhawa nchakuti wodwala wa bypass mitsempha yake ndi yotsekeka kale, mankhwala othira kudzera mu aorta sangafike bwino kuseri kwa potsekeka paja. Ndi Buckberg mumakhala ndi mipata ingapo, mumathiranso chobwerera kudzera mu coronary sinus (mtsempha wotulutsa magazi mu mnofu wa mtima), ngakhale njira imeneyi siteteza bwino mbali yakumanja ya mtima, komanso mumathira kudzera mu mtsempha wa mwendo umene mwangosoka kumene. Ndi del Nido mwayi weniweni ndi umodzi, ngati sinafike poyamba paja dera limenelo likhala ndi njala ola lathunthu inu osadziwa.

Za off-pump, bypass yosagwiritsa ntchito makina opopa magazi, ena amati bwanji osangousiya mtima uzigunda, koma kafukufuku wa ROOBY wa 2009 anaonetsa kuti mitsempha yosokedwa motero inkatsekeka kwambiri patatha chaka kuposa yosokedwa mtima utaimitsidwa.

Ndiye kwa ine, mtima wamphamvu ndi mitsempha iwiri kapena itatu yosoka, del Nido ilibe vuto, bola gawo lina lidutse mu coronary sinus. Mtima wofooka, wodwala wangogwa kumene ndi heart attack, kapena left main (mtsempha waukulu wodyetsa mbali yakumanzere ya mtima) yatsala pang'ono kutsekeka, pamenepo ndimasankha Buckberg ngakhale opaleshoni italikeko.