Modelo yokhoza kwambiri kapena yovuta kuipusitsa: mugule iti?

Abale a bizinesi kuno ku Joni akhala akundifunsa funso limodzimodzi chiyambire pamene makampani ang'onoang'ono anayamba kutsatsa modelo ya AI, pulogalamu ya pakompyuta yophunzitsidwa kuzindikira zithunzi: titenge imene akuti imakhoza kwambiri, kapena yokwererapo mtengo ija imene akuti akathyali sangaipusitse msanga? Poti ntchito yanga ku Braamfontein ndi yophunzitsa mamodelo otere, ndiyankhe onse pamodzi.

Pa liwiro sindichedwapo, zonse ziwiri zimayankha musanaphethire. Nkhani ili pa nambala yaikulu imene wogulitsa amakuonetsani. Nambalayo imachokera ku mayeso a zithunzi zabwinobwino zimene palibe anazigwira ndi mtima woipa. Zili ngati kutamanda loko amene mwangomuyesa ndi kiyi wake. Mu 2014 Ian Goodfellow ndi anzake ku Google anatenga chithunzi cha nyama yotchedwa panda chimene modelo inkachizindikira ndi chitsimikizo cha 57.7 peresenti, nasintha timadontho take pang'ono zedi moti diso la munthu silikanaona kusiyana. Modeloyo inati ndi gibbon, nyama yonga nyani, ndipo inatsimikiza kufika 99.3 peresenti.

Njira yodalirika yolimbitsira modelo ndi adversarial training: poiphunzitsa mumaipatsa dala zithunzi zosokonezedwa mpaka izolowere. Gulu la Aleksander Madry ku yunivesite ya MIT ku America linaonetsa mtengo wake mu 2017 pa gulu la zithunzi zoyesera mamodelo lotchedwa CIFAR-10. Modelo wamba inakhoza 95.2 peresenti pa zithunzi zabwino, koma ataiukira ndi zithunzi zosokonezedwa inagwa mpaka 3.5. Yolimbitsidwa inakhoza 87.3 pa zithunzi zabwino ndi 45.8 ataiukira. Ndiye kuti pa tsiku lopanda wakuba, yolimbayo ilakwitsa zithunzi pafupifupi 8 zoonjezera pa 100 zilizonse, ndipo wakuba akabwera siikwanitsa n'theka lomwe. Komabe 45.8 ndi 3.5 n'zotalikirana. Dimitris Tsipras ndi anzake anafotokoza chifukwa chake mu 2018: modelo wamba imatola tizizindikiro tosaoneka timene timaithandiza kukhoza, koma tizizindikiro tomweto n'tosavuta kutembenuza. Yolimba imakakamizika kutisiya, n'chifukwa chake imatsika.

Kuphunzitsa yolimba kumadyanso ndalama, pakuti chithunzi chilichonse chimayamba chasokonezedwa kangapo chisanalowe m'phunziro, ndipo bilu ya makompyuta imakwera kangapo.

Chimene chinandipsetsa mtima ndi ichi. Pali achimwene ena amene amanyamula katundu wa anthu kupita ku Blantyre ndi ku Lilongwe kudzera pa Beitbridge ndi Mwanza. Makasitomala awo amalipira ku banki n'kutumiza chithunzi cha risiti pa WhatsApp. Atatopa ndi marisiti abodza, analembetsa kwa kampani ina kuti modelo yake iziwaonera zithunzizo. Pa chionetsero inagwira risiti yabodza iliyonse, iwo n'kulipira. Sipanatenge nthawi anyamata ena anatulukira kuti ukakonza risiti yabodza, n'kuijambulanso ndi foni ina utapendeketsa pang'ono, modeloyo ikuti ndi yeniyeni. Atandionetsa chimodzi, ndinaona kuti manambala a ndalama anali onenepa kuposa zilembo zina zonse, ndipo m'mphepete munkaoneka kuwala kwa galasi la foni yoyambayo. Munthu watcheru akanakayika, koma modelo inapereka chizindikiro chobiriwira. Mafiriji ndi matilesi zinali zitawoloka kale, ndalama osalowa.

Achimwene aja atakadandaula, anauzidwa kuti zimenezo si za phukusi limene anagula. Kuti modelo aiphunzitsenso ndi zithunzi zachinyengo panali mtengo wina, wolipira mwezi ndi mwezi, umene sunatchulidwe tsiku lachionetsero. Anawachenjezanso kuti yolimbayo iyamba kukana marisiti ena enieni. Chenjezolo n'loona, manambala a Madry akusonyeza zomwezo. Koma amene anagulitsayo ankazidziwa kuyambira pachiyambi, ndipo anasankha kuonetsa nambala imodzi yokha kwa munthu amene vuto lake lonse linali akuba. Kampani imeneyo sindingatumizeko m'bale wanga aliyense.

Musakhulupirirenso mawu akuti yolimba mwachisawawa. Mu 2018 Anish Athalye, Nicholas Carlini ndi David Wagner anafufuza njira 9 zotetezera mamodelo zimene zinavomerezedwa ku msonkhano wa akatswiri a AI wotchedwa ICLR chaka chomwecho, napeza kuti 7 zinkangobisa kufooka kwake. 6 anazithyola kotheratu ndipo imodzi pang'ono. Komanso modelo yozolowera kusintha kwa timadontho ikhoza kugwabe chithunzi chikapendeketsedwa, monga zinawachitikira achimwene aja. Muzifunsa kuti ndi yolimba ku chinyengo cha mtundu wanji, ndipo anaiyesa ndani. Ngati akunena za timadontho, atchule zotsatira za AutoAttack, mayeso amene Francesco Croce ndi Matthias Hein anatulutsa mu 2020.

Ndiye mugule iti? Ngati ntchito yanu ndi yosankha tomato wakupsa kapena kuwerenga makireti ku msika wa City Deep, tengani yokhoza kwambiri, palibe amene apindule poinamiza ndipo kulipirira kulimba n'kutaya marandi. Koma paliponse pamene munthu angapeze ndalama poipusitsa, kaya marisiti, ziphaso, kapena nkhope potsegula akaunti, ine ndili mbali ya yolimba ngakhale izikana makasitomala ena oona mtima. Kasitomala wokanidwa mumamuimbira foni n'kupepesa, pomwe firiji ikadutsa Beitbridge simudzaionanso. Ngakhale mutenge yolimbayo, lole isanyamuke musanaone ndalamazo mu akaunti yanu ya ku banki.

Popita ku chionetsero musadalire zithunzi za wogulitsa. Nyamulani zanu zabodza: china chopendekera, china chojambulidwa pa galasi la foni ina, china chimene chadutsa pa WhatsApp maulendo angapo mpaka kuzilala. Mtengo wophunzitsanso modelo aulembe papepala musanasayine.