Miyezi 14 ndi buluzi wa nyanga: ntchito yonse ili pa nyerere

Chaka chatha ndinalemba mosangalala nditangoyamba kusunga buluzi wa nyanga kuno ku Tucson, Arizona, m'dziko la America. Ndinati ndi kanyama kosavuta, kophwathalala ngati chitumbuwa, kamene kamangokhala phee pamchenga. Tsopano papita miyezi 14, ndipo mawu akuti "kosavuta" aja ndikuwabweza.

Wanga ndi wa mtundu wa Phrynosoma solare, wokhala ndi nyanga zondondozana kumbuyo kwa mutu ngati chisoti chachifumu. Chakudya chake chenicheni ndi nyerere zikuluzikulu zofiira zotuta njere, za mtundu wa Pogonomyrmex. Ine ndinkaganiza za gulo wa kwathu, yemwe amatola chilichonse choyenda. Ndinayesa tinkhululu tating'ono ta m'sitolo ya ziweto. Anadya sabata ziwiri, kenaka n'kuyamba kungotiyang'ana tikumukwera pamsana, mchira n'kuyamba kuonda. Nditabwerera ku nyerere anachira. Tsiku lotentha amameza makumi angapo, imodziimodzi, lilime lili nyambu! nyambu!

Ndiye nyerere zimenezo muzitenga kuti tsiku lililonse? M'chilimwe ndimakatapa pachulu china kutali ndi minda yopoperedwa mankhwala. Zikasowa ndimaitanitsa pa intaneti, ndipo ndalama yake yaposa kale imene ndinagulira bokosi la galasi ndi magetsi ake. Ndimazisunga m'botolo m'furiji kuti zifooke, ndipo ndimamuponyera zochepa nthawi imodzi, chifukwa zikachuluka zimamuukira iye amene. Mayi a kunyumba anandiuza mosabisa kuti botolo limenelo likadzatseguka pafupi ndi ndiwo, ine ndi buluzi wanga tidzasamukira limodzi. Zinandilumapo kawiri. Linthumbu limaluma, koma izi zili ndi mbola, ndipo ululu wake unakwera mpaka m'khwapa.

Za magetsi ndilibe dandaulo. Pamwala wake woothera pamafika madigiri 38 mpaka 40, mbali ina ya bokosi n'kozizirirapo. Babu la UVB, lopereka cheza chonga cha dzuwa, ndalisintha kale kamodzi, poti limatha mphamvu likadayakabe. Madzi samwera m'mbale. Ndimamuwaza pamsana, iye n'kukweza msana, kuweramitsa mutu, madzi n'kumatsetsereka m'timipata ta mamba mpaka kukamwa. Zimenezi sindinatope nazo kuonerera.

Chimene chinandisowetsa tulo ndi nyengo yozizira. Chakumapeto kwa Okutobala anasiya kudya n'kuyamba kudzikwirira. Ndinamusiya masiku angapo magetsi akuyaka kuti m'mimba muyere, chifukwa chakudya chotsalira chimaola m'thupi lozizira. Kenaka ndinamuika m'bokosi la mchenga wakuya m'galaja, momwe munkakhala madigiri 10 mpaka 13. Miyezi inayi zii. Kawiri konse ndinafukula pang'ono ndi chala ndikuganiza kuti wafa, iye n'kungotsegula diso limodzi. Anadzuka mu Malichi atatsika thupi pang'ono chabe.

Koma musanamizidwe kuti abuluziwa sagwidwa ndi chisanu. Inde, m'bale wake Phrynosoma hernandesi amapezeka mpaka ku Alberta, Canada, ndipo amabereka ana amoyo m'malo moikira mazira. Wanga ndi wa m'chipululu cha Sonora. Kuzizira kouma amapirira ali pansi pa mchenga, koma chinyezi chikaphatikana ndi kuzizira, kapena mchenga ukaundana ndi chisanu, mwamutaya.

Zoti amathira magazi kuchokera m'maso n'zoona, makamaka kwa agalu ndi ankhandwe, koma wangayu sanandichitirepo.

Kodi ndingalangize wina kuti amusunge? Ayi. Ku Texas, komwe buluzi wa nyanga wa kumeneko ndi chizindikiro cha boma lawo kuyambira 1993, kumusunga n'kuphwanya lamulo, ndipo kuno kumugwira kumafuna laisensi. Wangayu ndimusungabe, poti buluzi wokhalitsa m'nyumba sabwezedwa kutchire, angakapatsire anzake matenda. Wachiwiri sindidzatenga. Loweruka lino ndikudzukanso mbandakucha ndi botolo langa, dzuwa lisanalowetse nyerere kuuna.