Kalenzi kopanira pa foni kandithandiza kuzindikira chikumbu cha bulugamu

Abale, kalenzi aka kokuza tinthu ting'onoting'ono, kokhala ngati chopanira zovala, kamene mumangokapana pa kamera ya foni ndinkakaona ngati chidole, koma ayi ndithu kandigwirira ntchito. Ndinkasenda khungwa pa chipika cha bulugamu chongodulidwa kumene ndiye ndinapeza chikumbu chabisala mkatimo, chofiirira moderako, mapiko akunja ali ndi mzere wotuwirako wokhotakhota komanso kadontho kumapeto, tinyanga kutalika kuposa thupi lake lomwe, ndipo nditachigwira chinayamba kulira tswii tswii ngati chitseko chosowa oyilo.

Ndi kamera yokha chithunzi chinkangotuluka mbuu. Nditapana kalenzika mpomwe ndinaona timinga pa tinyangato, kamodzi pa mfundo iliyonse chakumutu kuno. Ndiye nkhani ili apa, zikumbuzi zilipo mitundu iwiri yofanana kwambiri, Phoracantha semipunctata ndi Phoracantha recurva, ndipo chimodzi mwa zowasiyanitsa ndi ubweya wagolide wothithikana kunsi kwa tinyanga, recurva ali nawo wambiri pomwe mnzakeyo ndi tochepa chabe. Changachi chinalibe, pa mapiko akenso malo akuda ndi ochuluka monga zimakhalira pa semipunctata, nditaika chithunzi pa iNaturalist, tsamba la pa intaneti lothandiza kuzindikira zamoyo, anthu odziwa anavomereza kuti ndi semipunctata. Popanda lenzi ubweya umenewo ndi wovuta kuuona bwinobwino olo mutsinzine diso limodzi.

Kwawo kwenikweni ndi ku Australia, komweko kwa bulugamu, koma chinayenda ndi mitengo mpaka South Africa, South America, maiko a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, ku California, ku America, semipunctata anapezeka mu 1984 kenako recurva naye anatulukira mu 1995. Mphutsi zake ndi zomwe zimaboola tinjira pansi pa khungwa, makamaka mtengo ukafooka ndi chilala, zikazungulira thunthu lonse mtengo umauma basi.

Zondinyansa zilipo. Muyenera kuyandikira mpaka lenzi kutsala pang'ono kukhudza chikumbucho, dzanja likangonjenjemera pang'ono zonse zabalalika, ndipo mutu ukaoneka bwino kumbuyo kumakhala kosaoneka, ndiye ndinajambula kambirimbiri kuti ndipeze zitatu zabwino. Chopaniracho chimatereraso ngati foni ili mu kava yokhuthala, ndinachita kuvula kava. Mthunzi wa foni nawo umaphimba kuwala, jambulani panja masana, usiku musavutike ngakhale zikumbuzi zimayenda usiku womwewo. Ine ndikupitiriza kukagwiritsa ntchito, tsopano ndikusaka recurva kuti ndione ubweyawo ndi maso anga.