Badoo ndi anzake, kwa ife ofuna mayi wachikulire kuno ku Salima

Ndili ndi zaka 46, ndimakonza njinga zamoto pa Kamuzu Road, ndipo mayi a ana anga anatisiya zaka zinayi zapitazo. Nditaganiza zopezanso womanga naye banja, mtima wanga sunali pa atsikana ayi. Ndinkafuna mayi wamsinkhu wanga kapena wondiposa, amene analerapo ana, amene akudziwa kuti maliro akachitika pakhomo, anthu akabalalika mumatsala nokha. Koma mayi wotere simungamuimitse pamsewu, ndipo kutchalitchi maso a anthu ndi ambiri. Mwana wa achemwali anga ndiye anandiikira pa foni mapulogalamu opezera womanga naye banja, monga Badoo.

Ndiyambe ndi pomwe ndinapsa. Pali masamba ena a pa intaneti amene amaika zithunzi za amayi ovala bwino ataima pafupi ndi galimoto, n'kulemba kuti ndi "mashuga mami" a ku Lilongwe ofuna mwamuna. Ine sindinkafuna ndalama za munthu, koma ndinaganiza kuti mwina kumeneko ndiye kuli amayi achikulire. Mnyamata wina anandiuza kuti nditumize K15,000 yolembetsera kuti andipatse nambala. Ndinatumiza. Mawa lake akuti ina ya mayendedwe a mayiwo. Nditakana, nambala ija sinapezekenso. Chimene chinandiwawa kuposa ndalamazo n'chakuti zithunzi zija ndi za amayi a eni ake, mwina sadziwa n'komwe kuti nkhope zawo zikugwiritsidwa ntchito yobera anthu. Abale anga, tsamba lililonse limene likukulonjezani mayi wandalama, lithaweni.

Tinder, imene inayamba mu 2012, imakulolani kusankha zaka ndi mtunda, ndipo simungalemberane pokhapokha nonse awiri mutakondana zithunzi. Ndinaika zaka 45 mpaka 60. Pafupi panatuluka anthu ochepa, ena mwa iwo alendo odzacheza ku Senga Bay amene pakutha pa sabata amakhala atapita. Mukakweza mtunda kufika makilomita 100 mumayamba kuona a ku Lilongwe. Kwa wam'tauni ndi yabwino, koma ine moyo wanga uli kuno kunyanja.

AfroIntroductions ili ndi amayi achikulire ambiri ndithu, ena ali kunja kwa dziko, ndipo anthu amalemba zambiri za moyo wawo. Kungoti kuti mulemberane bwinobwino pamafunika mmodzi akhale wolipira, ndipo kulipira kwake n'kwa pa khadi ya kubanki. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama imeneyo kwa ine ndi ya ufa wa ana.

Imene ndinakhala nayo miyezi isanu ndi iwiri ndi Badoo. Ndi yakale, inayamba mu 2006, ndipo mwina n'chifukwa chake ndinapezamo anthu amisinkhu yathu. Imaonetsa amene ali pafupi nanu, mumasankha zaka, ndipo zambiri mumachita osalipira. Chimene ndinachikonda kwambiri ndi kutsimikizira chithunzi: imakuuzani mujambule nkhope yanu mutachita chizindikiro ndi dzanja, ikaona kuti ndinudi imaika kachizindikiro pa dzina lanu. Ine ndinkangolembera okhala ndi kachizindikiroko. Mungathenso kuimbirana pa vidiyo musanapatsane nambala, zomwe amayi achikulire amazikonda chifukwa ambiri anapsapo kale. Bandulo yokha muzisamala nayo, zithunzi ndi vidiyo zimadya; ine ndinkatsegula madzulo okha ndikatseka shopu.

Chinthu china chimene palibe anandiuza: amayi amenewa amalandira mauthenga ambiri a anyamata opempha. Ndiye akaona mwamuna wocheperapo zaka, amayamba aganiza kuti naye akufuna chikwama. Musakwiye nazo. Ine ndinalemba zoona zokhazokha, ntchito yanga, ana anga atatu, ndi chithunzi chimene ndinajambulitsa pa shopu ndili mu ovolosi.

Amene anandiyankha ndi mayi wa ku Nkhotakota, wazaka 52, wogulitsa mpunga, naye wamasiye. Uthenga wawo woyamba unali wachindunji: "Bambo, ngati mukufuna mpamba wa bizinesi neneranitu, tisatayitsane nthawi." Ndinati, "Mayi, mpamba ndili nawo, ndi sipanala zangazi. Chimene ndikusowa ndi munthu wocheza naye madzulo." Tinacheza mwezi wathunthu, palibe anapempha mnzake ngakhale yuniti. Tsiku lokumana anakwera minibasi ya mu M5 pamodzi ndi mng'ono wawo, tinakhala pamalo odyera masana dzuwa likuswa mtengo, anthu akudutsa. Asananyamuke anandiuza kuti ngati nkhaniyi ipitirire, tikayezetse magazi limodzi. Tinapita sabata yotsatira.

Sindinganene kuti aliyense adzapeza zomwe ndapeza ine, poti amayi achikulire a m'maboma athu ano amene ali pa mapulogalamuwa ndi owerengeka, ndipo ine ndinadikira miyezi itatu popanda wondiyankha. Koma kwa mwamuna wa ku Salima kapena Nkhotakota wofuna banja, ndingati yambani ndi Badoo. Yanga ndinaichotsa pa foni mwezi watha. Loweruka likubwerali amalume anga akupita ku Nkhotakota kukaonana ndi akwawo kwa mayiwo.