Ofesi yomwe inathandiza mwana wanga kupita ku Orlando: nyenyezi zitatu

Amayi anzanga akumpingo kuno ku Area 25 mwanditopetsa ndi funso limodzimodzi, lakuti mtsikana wanga anadzera khomo liti kuti akapezeke ku America. Ndiye ndiyankhire pamodzi. Dzina la ofesiyo sinditchula chifukwa pali zina zomwe zinandiwawa. Ili ku Old Town, pamwamba pa mashopu, yokwera masitepe amdima aja oti ukafika pamwamba umayamba wapuma kaye.

Mwanayu anaphunzira za mahotela ndi zokopa alendo. Atangomaliza, anamva kwa mnzake kuti kuli mwayi wokaphunzira ntchito pa malo ena akuluakulu achisangalalo ku Florida, aja okhala ndi makatungwe amakina, mahotela ndi malesitilanti m'mpanda umodzi. Mzinda wa Orlando ndiye kwawo kwa zimenezi: Walt Disney World, yomwe inatsegulidwa mu 1971, ili komweko, Universal ndi SeaWorld nazonso. Ine zonsezi ndazidziwira ukulu uno, chifukwa cha mwana.

Ndiyambe ndi zabwino, pakuti zilipo ndithu. Tsiku loyamba, mayi wa pa desiki anandiyang'ana n'kunena kuti, "Amayi, ife viza sitigulitsa. Wina akakuuzani kuti ali ndi munthu wake ku embase, gwirani chikwama chanu zolimba." Apo mtima unakhala pansi. Anatenga pepala n'kutijambulira njira yonse. Viza yake ndi ya J-1, yomwe amapatsa opita kukaphunzira ntchito kwa kanthawi. Mwana ayenera kukhala akadali pa koleji, kapena asanathe miyezi 12 chimalizireni, ndipo kumeneko sangapitirire miyezi 12. Pali bungwe la ku America lomwe limamuyimira, ndi lomwe limatulutsa fomu ya DS-2019, komanso ina ya DS-7002 yofotokoza zomwe azikaphunzira gawo ndi gawo. Popanda mapepala awiriwa, ku embase ku City Centre usavutike n'kupitako.

Chomwe ndingawagulire nacho fanta ndi momwe anamukonzekeretsera. Loweruka katatu konse ankamukhazika pampando n'kumamufunsa ngati azungu a ku embase: n'chifukwa chiyani ukufuna kupita, ukabwerako udzachita chiyani. Mwana wangayu ndi wamanyazi, woyankhula akuyang'ana pansi monga tinamulelera. Mnyamata wa mu ofesimo ankangogogoda tebulo, "Chemwali, maso kuno!" Ine ndili pakona mtima ukuwawa kuti akundiphunzitsira mwana mwano, koma zinathandiza. Tsiku loyankhulana ndi mabwana a ku Florida pa kompyuta linali 4 koloko madzulo, kwawo ili 10 koloko m'mawa. Kutatsala mphindi zochepa magetsi anathima. Mnyamata uja sanatekeseke, anangolumikiza ku batire, nkhani n'kupitirira. Tikanakhala kunyumba bwenzi zitathera pomwepo. Chithunzi cha vizanso anatibweza nacho kawiri, koyamba chifukwa anajambulitsa atavala magalasi, kachiwiri chifukwa nsalu yakumbuyo sinali yoyera bwino.

Tsopano pa ndalama, apa ndiye pali nkhani.

Mitengo amatchula m'madola koma ulipira m'makwacha, pa mtengo wosinthira womwe iwo adzuka nawo tsiku limenelo. Ife tinayamba kulipira kwacha itangogwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye mukudziwa nokha mmene zinthu zinalili. Zina zinali zomveka: $220 ya SEVIS (kaundula wa ophunzira ochokera kunja), $185 yofunsira viza, izi ndi za boma la America ndipo mwana anazipeza yekha pa intaneti. Koma ndalama yawo yaikulu ija, lisiti lake linangolembedwa liwu limodzi lachingerezi, basi. Nditafunsa kuti mkati mwake muli chiyani, anandiseka mwaulemu, "Amayi musadandaule, zonse zili momwemo." Sizinali momwemo. Viza itatuluka ndi pomwe ya inshuwalansi ya chipatala inatulukira, kenako akuti mwana akhale ndi ndalama ya m'thumba yodyera mpaka malipiro oyamba. Tikiti ya ndege ndinkadziwa kuti ndi yathu, ya Ethiopian Airlines kuchokera pa Kamuzu kudzera ku Addis Ababa, koma zinazi zinandipeza m'manja muli mbee. Ndinakatenga ngongole ku banki m'khonde, bambo ake n'kugulitsa matumba a soya omwe tinkasungira kuti mtengo ukwere.

China chomwe sindinakonde ndi masamu a pa foni aja. Anatenga malipiro a pa ola, kuchulukitsa ndi maola 40, kuchulukitsa ndi masabata, n'kusandutsa makwacha. Nambala yake inandizunguza mutu, ndinayamba kuwerengera malata. Ku Florida malipiro otsikitsitsa anali $12 pa ola nthawi imeneyo, n'kukwera kufika $13 kumapeto kwa Seputembala 2024, ndiye pa pepala zimaoneka zonona. Sanatiuze kuti lendi amadula sabata iliyonse ndalama isanafike m'manja, msonkho nawo pomwepo, komanso kuti alendo akachepa maola amachepanso. Malipiro oyamba atalowa mwana anandiimbira, "Amama, zatsala zogulira mpunga ndi mazira." Akudya, sakugona ndi njala, koma malata aja ayambe adikira.

Za nsapato ndimaseka pano, tsikulo sindinaseke. Anatiuza kuti zikhale zakuda, basi. Tinatsikira pa kaunjika ku Tsoka n'kusankha zokongola, zachidendene pang'ono. Kufika uko akuti zofunika zosaterereka, zoti uyime nazo maola 8 m'khitchini monyowa. Anakagula zina ndi ndalama ya m'thumba ija. Munthu woti watumizapo ana ena, zimenezi sangazidziwe?

Mwana mwiniwakeyo akusangalala, osanama. Sabata yoyamba inali ya maphunziro okhaokha: kumwetulira, kulozera mlendo njira, zochita mwana akasochera. Pachifuwa anamupatsa baji ya dzina lake, pansi pake palembedwa Malawi, ndiye akuti tsiku silidutsa osafotokozera munthu kuti si Mali, si Maui, ndi dziko la nyanja pakati pa Zambia, Tanzania ndi Mozambique. Kutentha akuti kuposa kwa ku Nsanje, mvula yamabingu pafupifupi masana aliwonse. M'nyumba amakhala atsikana anayi ochokera m'mayiko osiyana, ndipo wawaphikira kale nsima ya ufa wa m'sitolo, akuti inatuluka yachikasu ngati ya nthawi ya njala.

Chichokereni mwana, foni ya ku ofesi kuja imangoitana. Atasokonezeka ndi za nambala ya Social Security, yomwe boma la kumeneko limapatsa ogwira ntchito, amene anamuthandiza ndi a bungwe la ku America lija. Ine ndinakwera masitepe aja kamodzinso, ndinapeza mayi wina ali pampando womwe ndinkakhala ine, akumuchitira masamu a pa foni.

Nyenyezi zitatu. Mukapita, auzeni akulembereni ndalama iliyonse payokhapayokha, adinde, musanatulutse ngakhale K1,000. Afunseninso kuti lendi kumeneko ndi zingati pa sabata. Ine ku banki m'khonde kwanditsalira miyezi iwiri.